Madzi Oundana a ku Mars

Magetsi akazima ku Chinsapo kapena ku Area 23, musamangodandaula, ana anga, kwezani maso. Miyezi ina mudzaona kanyenyezi kofiirira kosathwanima. Ameneyo ndi Mars, dziko louma gwa, lafumbi lokhalokha. Komatu kumpoto ndi kum'mwera kwake Namalenga analiveka zoyera mbee: madzi oundana!

A kumpotowo ndi otambalala pafupifupi makilomita 1,000, kuposa kutalika kwa Malawi yense. Ndipo sanangounjikidwa chisawawa ayi. Anayalidwa, apa madzi oundana, apa fumbi, apa madzi oundana, apa fumbi, nyengo iliyonse kusiyapo mzere wake. Mphepo nayo inakumbamo zigwa zopota mozungulira, zonse kukhotera mbali imodzi. Anailangiza ndani mphepoyo?

Koma za kum'mwera ndiye zimandisowetsa chonena. Chimene chimakuta pamwamba kumeneko ndi mpweya wa carbon dioxide, womwewu timautulutsa popuma. Kumazizira mpaka madigiri 125 pansi pa ziro (ife a ku Kawale tikanjenjemera mu Juni timati taona zakuda!), mpweyawo n'kuuma gwa. Dzuwa likauwomba susungunuka kukhala madzi, umangobwerera kumwamba, n'kusiya maenje obulungira, osalala pansi, ngati a bawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chombo cha Mars Global Surveyor chinajambula maenjewa mu 1999, n'kudikira chaka chathunthu cha kumeneko, masiku 687, n'kujambulanso mu 2001. Makoma a maenje ambiri anali atadyeka ndi mita imodzi mpaka mamita 3. Akukula! Kopanda munthu, kopanda khasu, akukula ndithu!

Zonsezi n'chifukwa choti Mars anapendekeka madigiri 25, pafupifupi mmene linapendekera dziko lathu. Kupendekako ndi kumene kumatipatsa ife chisanu ndi chilimwe, ndiye dzanja lomwelo la Namalenga linagawira nyengo ngakhale dziko limene kulibe mlimi woziwerengera. M'chisanu mpweya wochuluka zedi umagona pansi utaundana. Kukayamba kufunda umadzuka. Ndipo kadzukidwe kake, ha! Kuwala kwa dzuwa kumapyola mpweya woundanawo n'kutenthetsa dothi lapansi, mpweya n'kusonkhana kunsiko mpaka kuboola potulukira, phu! n'kumwaza fumbi lakuda pamwamba poyera paja. M'dothimo umasiya tingalande tofalikira mbali zonse, timene asayansi amatitcha akangaude. Chombo cha Mars Reconnaissance Orbiter, chomwe chinafika kumeneko mu 2006, chajambula tingalande tambirimbiri totere, ndipo chisanu chikatha mpweya umaphulikanso, tingalandeto n'kumakumbika pang'onopang'ono.