Kodi kufunsa lisiti n'kunyoza munthu?

Msonkhano wa makolo ukafika pa nkhani ya ndalama, mawu amatsika. Aphunzitsi aakulu afotokoza kuti thandizo la boma linafika, linagula choko, makope ndi simenti yokonzera chimbudzi cha atsikana. Anthu awomba m'manja. Bambo wina kumbuyo akufuna kudziwa kuti matumba a simenti anali angati ndipo lisiti lili kuti, koma msungichuma wa komiti ya sukulu ndi mkulu wa mpingo wake, kapena ndi munthu amene amaima naye mzere umodzi ku mzikiti Lachisanu. Funso lija amalimeza.

Chimene chamutseka pakamwa si mantha okha ayi. Ndi chikhulupiriro chakuti kufunsa munthu wopemphera za ndalama n'chimodzimodzi kumutcha wakuba. Ku Salima, kumene Akhristu ndi Asilamu amatumiza ana kusukulu imodzi, nkhaniyi ndi ya chipembedzo isanakhale ya boma.

Ndalamazo n'zochepa koma zilipo. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni, sukulu zakhala zikupuma movutikira. Malamulo a maboma ang'onoang'ono a 1998 anatsitsira udindo wa sukuluzi kumakhonsolo, ndipo pambuyo pake boma linayamba kupereka thumba la SIG, ndalama zolowa mu akaunti ya sukulu kuti komiti, aphunzitsi ndi makolo azigwiritse ntchito motsatira dongosolo limene agwirizana okha. Pamwamba pake pali ndalama za chitukuko zimene makolo akhala akusonkha, zina zochokera mu ndowa ya usipa imene mayi wagulitsa m'mawa ku Senga Bay kapena ku Chipoka.

Amene amadana ndi mafunso ali ndi vesi lawo, ndipo si lonama. Mu 2 Mafumu chaputala 12, akapitawo amene ankalipira amisiri okonza Nyumba ya Mulungu sankafunsidwa za kayendedwe ka ndalama, chifukwa anali okhulupirika. Koma nkhaniyo siyambira pamenepo. Mfumu Yowasi anali atalamula ansembe kuti azilandira zopereka n'kumakonza ming'alu, ndipo mpaka chaka cha 23 cha ufumu wake ming'alu ija inali ikadalipo. Buku silinena kuti ansembewo anaba. Limangosonyeza kuti ndalama zinkalowa, ntchito osaoneka. Apo m'pamene wansembe Yehoyada anatenga bokosi, n'kuboola chivundikiro chake, n'kuliika pafupi ndi guwa. Likadzaza, ankabwera anthu awiri ochokera mbali ziwiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, n'kuwerenga limodzi. Akapitawo aja anakhulupiridwa ndalama zitawerengedwa kale, ndipo khoma limene ankakonza aliyense ankaliona ndi maso.

Mtumwi Paulo sanafune kunyamula yekha chopereka cha osauka a ku Yerusalemu. Mu 2 Akorinto chaputala 8 akufotokoza kuti mipingo inasankha m'bale woti ayende nawo, kuti pasapezeke wowanena. Kwa iye sikunali kokwanira kuti Mulungu yekha adziwe kuti manja ake ndi oyera; anafuna kuti anthunso aone. Ndipo vesi lalitali kuposa onse mu Qur'an, mu Surat Al-Baqarah 282, si la pemphero kapena kusala. Ndi lolamula kuti ngongole ilembedwe, kaya ndi yaing'ono kaya yaikulu, pakhalenso mboni. Lamuloli likupita kwa okhulupirira, anthu odziwana ndi opemphera limodzi.

Ndiye wofunsa lisiti sakuchimwira msungichuma. Akumuteteza. Munthu wosunga ndalama za gulu popanda womuwerengera amasenza mayesero yekha: mwana wadwala usiku, thumba la sukulu lili m'nyumba, iye n'kudziuza kuti angobwereka, adzabweza akakolola. Ambiri amene anagwa anayamba choncho, osati ndi mtima wakuba. Nayenso amene sanakhudzepo khobiri alibe chodziikira nacho kumbuyo mphekesera zikayamba pa chigayo kuti malata a nyumba yake ndi a sukulu.

Asodzi a m'mphepete mwa nyanja zimenezi amazidziwa kale. Chilimira chikabwera kugombe m'bandakucha, nsomba zimayezedwa anthu akuona, mtengo umatchulidwa mokweza, za mafuta a injini zimachotsedwa, kenako mwini khoka ndi anyamata ake amagawana. Palibe amene amati wanyozedwa chifukwa mnzake wawerenga ndowa. N'zomvetsa chisoni kuti bambo yemweyo, amene kugombe salola kuti ndowa imodzi imusowe, akafika pabwalo la sukulu ya mwana wake amachita manyazi.

Dziko lino linaona kumene chinsinsi chimafikitsa mu 2013, pamene mabiliyoni a kwacha anatuluka ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate, kulipira makampani amene sanagwire ntchito ina iliyonse. Uganda inaona mbali ina. Kafukufuku anapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995, pa ndalama 100 zilizonse zoyendetsera sukulu zimene boma linkatumiza, 13 zokha ndi zimene zinkafika. Boma litayamba kulengeza m'manyuzipepala ndalama zimene latumiza, ndipo sukulu zitalamulidwa kuzimata poonekera, pofika 2001 zofika zinali pafupifupi 80.

Komabe pepala lomatidwa pakhoma la ofesi ya aphunzitsi aakulu silithandiza agogo olera ana amasiye amene sadziwa kuwerenga. Ziwerengerozo ziyenera kunenedwa mokweza pamsonkhano, m'Chichewa ndi m'Chiyao, lisiti lililonse likudutsa m'manja mwa anthu, a gulu la amayi ndi mafumu ali pomwepo. Udindowu suthera pa komiti. Ndalama zikachedwa kapena zikabwera zoperewera, khonsolo ya Salima ndi alangizi a maphunziro a m'mazoni ayenera kunena tsiku ndi kuchuluka kwake, kuti mphunzitsi wamkulu asamanenedwe pa ndalama imene sanailandire. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuboma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo kholo la ku Lifuwu kapena kwa Khombedza lili ndi mphamvu yolembera khonsolo kalata kufunsa ziwerengero zimenezi.