Buku la Ngongole la Azakhali

Tinali anayi, tonse ongoyamba kumene kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Aphunzitsi atatiuza kuti tipange maseŵera aang'ono ndi Scratch, chida chija anachitulutsa kuMIT mu 2007, ine ndinati tipange a golosale, popeza ndinakulira kuseri kwa kauntala ya azakhali anga kuChilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche.

Malamulo ake anali apafupi. Woseŵera amapikula shuga, mchere ndi mafuta ophikira, kugaŵa m'timapepala ndi m'timachubu, kubweza chenje, ndipo dzuŵa likaloŵa kompyuta imaŵerenga phindu. Tinaikamonso tsiku limene kwacha imagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuti woseŵera alaŵe kuŵaŵa kogulitsa zonse koma nalephera kupikulanso.

Mkangano unabuka pa ngongole. Mnzathu wina anaikamo mayi wopempha ufa kuti adzalipira mwezi ukatha. Titayesa, tinapeza kuti wopambana nthaŵi zonse anali wokana uja. Anzanga anati, "Ndiwo malonda amenewo." Ine mtima sunakhale pansi.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, golosale ya azakhali inapulumuka, koma ena mwa maina a m'buku lao la ngongole anali a anthu amene sanaonekenso. Azakhali anakhwatcha mainawo, nakhwatchanso a otsala amene nyumba zao zinakokoloka. Ndinafunsa, "Azakhali, nanga mupikula ndi chiyani?" Iwo anati, "Mwanangu, golosale si mashelefu ai, ndi anthuŵa."

Tsono funso langa nali: kodi wopanga maseŵera ali ndi mlandu pa zimene malamulo ake amaphunzitsa? Ena adzati maseŵera ndi maseŵera. Pa bawo timadyana popanda chidani. Nzoona, koma bawo sanena kuti akufanizira moyo wa munthu aliyense. Ife tinabwereka thukuta la anthu enieni, ndiye nkusankha kuŵerenga ndalama zokha. Chimene suŵerenga, wauza woseŵera kuti nchachabe. Taonani Lizzie Magie wa kuAmerica: mu 1904 analembetsa The Landlord's Game kuti aonetse kuipa kwa eni malo aumbombo, koma maseŵerawo atasanduka Monopoly mu 1935, anthu anangophunzirapo kukoma kosaukitsa anzao.

Mnzathu uja anati, "Tiyeni wokongoza tizimpatsa malikisi." Apanso ndinakana. Chifundo choyembekezera malikisi ndi katapila wovala jekete. Azakhali sanakhwatche mainawo kuti adzapindule. Ndipotu sanapindule, pakuti mashelefu anakhala ndi mipata miyezi ingapo. Tikanati chifundo chimalipira nthaŵi zonse, tikananama, tikanachichotsa, tikananamanso.

Potsiriza tinagwirizana kuti maseŵera athu asatchule wopambana. Dzuŵa likaloŵa amangoonetsa zinthu ziŵiri: ndalama za m'kabati ndi maina a m'buku, olandira ndi obwezedwa chimanjamanja. Woseŵera aweruze yekha. Anzanga aŵiri akunenabe kuti tinathaŵa funso, ndipo mwina akunena zoona.

Patchuthi ndinaŵaonetsa azakhali. Anayang'anitsitsa kanthaŵi, kenaka nati, "Mwayesetsa. Koma nanga aja amangobwera kudzacheza osagula kanthu, mwaŵasiya kuti?"