Kodi timamwa vinyo kapena timamwa dzina?

Mlamu wanga atatsika basi pa Bangula kuchokera ku Joni, anatipeza kwathu kwa Mbenje tili pansi pa mtengo wa mango, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. M'chikwama mwake munali mabotolo awiri a vinyo wofiira. Limodzi linali ndi zilembo zagolide ndi dzina la munda wina wa ku Stellenbosch. Linalo linalibe dzina la munda, koma nambala basi, ndi mawu akuti Odd Bins.

"Alamu," anatero iye, "paja mumati vinyo mumamudziwa. Lero tione."

Ndivomere pano, awerengi, kuti ine ndine mmodzi mwa aja okonda vinyo koma thumba lili lobooka. Ndikapita ku Blantyre ndimazungulira m'masitolo kufunafuna botolo lotsitsidwa mtengo, ndipo ndili ndi kakope kamene ndimalembamo mmene vinyo aliyense wandikomera. Choncho mawu a mlamuwo anandikhudza penipeni.

Iye anafotokoza kuti Odd Bins ndi vinyo wa sitolo za Checkers ku South Africa. Sitolozo zimagula vinyo ku minda yodziwika, n'kumuika nambala m'malo mwa dzina la munda, n'kumugulitsa motchipa. Mwini munda amapeza ndalama pa vinyo amene akanangokhala, koma dzina lake amalibisa kuopa kuti anthu angaleke kugula botolo lake lodula lija.

Tinaviika mabotolo onse mumtsuko kuti azizire. Kenaka mlongo wanga anakatsanulira kuseri kwa nyumba m'makapu awiri ofanana. Ndinanunkhiza, ndinalawa, ndinatseka maso monga amachitira akatswiri. Kapu yachiwiri ndinaitamanda kwabasi, ndi mawu akuluakulu a m'kakope muja, ndipo ndinalumbira kuti ameneyo ndiye wa zilembo zagolide. Mlongo wanga anangoti kukamwa gwi, kenaka phwa kuseka. Anali wanambala uja.

Kusekedwako sikunandivute kwenikweni. Chimene chandisowetsa tulo mpaka lero ndi ichi: nditadziwa kuti vinyoyo ndi wotchipa, ndinamwanso kapu yomweyo, ndipo sanakomenso ngati poyamba. Vinyo yemweyo, lilime lomwelo, mthunzi womwewo. Nanga chinasintha n'chiyani?

Sindine woyamba kugwa m'mbuna imeneyi. M'chaka cha 1976 mumzinda wa Paris, Mngelezi wina wogulitsa vinyo, Steven Spurrier, anaitana akatswiri a ku France kuti alawe vinyo osaona botolo. Akatswiriwo anapereka malo oyamba kwa vinyo wa ku California, amene nthawi imeneyo ambiri ku France sankamuwerengera n'komwe. M'chaka cha 2008 ofufuza ena ku California anamwetsa anthu vinyo mmodzimmodzi kawiri, ulendo wina n'kuwauza kuti ndi wa madola 10, ulendo wina wa madola 90. Anthuwo anati wa madola 90 ndiye wokoma, ndipo makina ounika ubongo anaonetsa kuti sankanama ayi, ankamvadi kukoma kochuluka. Ndiye kuti mtengo ndi dzina zimalowa nawo m'kamwa.

Pamenepa n'kosavuta kunena kuti dzina ndi chinyengo, tilitaye, tizikhulupirira lilime lokha. Ndinatero inenso tsiku lomwelo pofuna kuphimba manyazi. Koma amalume, amene anakhala chete nthawi yonseyi, anakankhira kapu yawo kumbali.

"Mphwanga," anatero, "ine sindimwa chinthu chimene mwini wake wabisala. Ndikadwala ndikafunsa ndani? Nambala?"

Funso la amalumeli ndi lolemera kuposa kakope kanga konse. Taganizani za uchema wa kwathu kuno ku chigwa. Munthu amasema mgwalangwa kuti madzi ake adonthere m'chigubu, mmawa ali otsekemera, pofika madzulo awawasa. Palibe pepala, palibe zilembo zagolide. Koma ndani anganene kuti uchemawo ulibe dzina? Mwini wake timamudziwa, nyumba yake timaidziwa, ndipo akathira madzi mudzi wonse umva dzuwa lisanalowe. Mayi wofulula mowa wamasese naye amayamba ndi iye kumwa chipanda choyamba pamaso pa anthu. Nkhope yake ndiye pepala la pabotolo.

Apa ndipo ndinaona kuti dzina lili ndi ntchito ziwiri, ndipo ife timazisokoneza. Pali dzina lonyadira, lija timaika patebulo kuti alendo aone kuti nafenso tinafikapo. Palinso dzina loyankha mlandu, lija limati: chinthu ichi ndapanga ndine, chikalakwika mundipeze. Loyambalo timalipira ndalama zambiri koma silitipatsa kanthu kupatula matama. Lachiwirilo ndi limene limasunga moyo.

Nditalitembenuza botolo lanambala lija ndinapeza kuti silinali lamasiye monga ankaganizira amalume. Dzina lonyadira ndilo analichotsa, koma loyankha mlandu linalipo. Sitolo inaikapo dzina lake, ndipo pakhosi pa botolo panali kachidindo ka bungwe la Wine and Spirit Board, kotsimikiza mtundu wa mphesa, chaka ndi dera limene zinachokera, motsata dongosolo limene dziko la South Africa linayamba mu 1973. Kuno kwathu ntchito yoyesa katundu ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Kutchipa kotere kulibe tchimo.

Kutchipa kumene kuli ndi tchimo tinakuona tonse. Mowa wa m'masacheti unali ndi mayina okoma ndi mapepala owala, mtengo wake woti ngakhale mwana wasukulu akanatha kugula, mpaka boma linauletsa mu 2015. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe ndisanamize anthu kuti nkhope yodziwika ndi lilime lakuthwa ndi zokwanira. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete kwa anansi athu a ku Mozambique, anthu 75 anafa atamwa mowa wachikuda pochokera kumaliro. Mphekesera zinati wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Oyesa atafufuza anapeza kuti inali poizoni yochokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wachimanga umene unaonongeka ndi madzi, poizoni yopanda fungo ndi yosamveka m'kamwa. Mayi amene anafulula mowawo anali wodziwika kwa onse, ndipo nayenso anamwalira. Sanabise nkhope, sananamize munthu. Lilime limadziwa kukoma, koma silidziwa zonse. N'chifukwa chake kachidindo ka woyesa sikoyenera kukanyoza.

Tsono nkhaniyi ikanakhala ya vinyo yekha sindikanakutayitsani nthawi. Koma mmene ndinachitira ndi kapu ija ndi mmenenso timachitira ndi anthu. Ndani mwa ife a ku chigwa sadziwa wachibale amene atakwera phiri la Thabwa kupita m'tauni anasiya Chisena pa mlatho wa Shire, kuopa kuti akatchula kwawo anthu amuchotsera mtengo? Munthu yemweyo, nzeru zomwezo, koma akangoti "kwathu n'ku Nsanje" wasanduka wotchipa m'kamwa mwa omumva. Ena timamvera mawu awo chifukwa cha udindo umene uli kutsogolo kwa dzina, ngakhale mawuwo ali madzi okhaokha. Timafunsa kuti ndi mwana wa yani, anaphunzira kuti, wavala chiyani. Funso la amalume lija, lakuti kodi munthuyu amaima pa zimene wachita, timalifunsa pomalizira, mwinanso osalifunsa.

Ine kakope kanga sindinataye, koma ndinasintha kalembedwe. Tsopano ndimayamba ndalawa, ndalemba, kenaka n'kuona dzina ndi mtengo. Ndipo ndisanagule, sindifunsanso ngati dzinalo lidzagwedeza alendo anga. Ndimafunsa ngati pali woyankha.

Madzulo a tsiku lija, mlamu atawerengera amalume zonse za pakachidindo, iwo anakoka kapu yawo, nalawa pang'ono, nayang'ana kumwamba.

"Mphyadidi," anatero. "Koma uchema wa kuseri kwa dambo ukuposa."

Palibe anawatsutsa. Iwo anali okhawo pabwalopo amene dzina la Stellenbosch silinkatanthauza kanthu kwa iwo, choncho anali okhawo amene anamwa vinyo. Enafe tinkamwa zilembo. Nanga inu, awerengi, m'kapu mwanu muli chiyani?