Kodi Mwana Apite ku Joni Kapena Atsale?

Abale athu a kuno ku Kasina, pali funso limene labvuta mabanja ambiri m'midzi yathu ya m'mapiri a Dedza. Makolo akanyamuka kukafuna ntchito ku Joni, kodi nkoyenera kumtenga mwana, kapena kumsiya kwa agogo ake?

Kale funso ili panalibe. Amuna olembedwa ndi Wenela, kufikira 1974, ndi TEBA, kufikira 1988, anapita okha ku migodi, ndipo ana anatsala m'manja mwa amai ao ndi atsibweni ao. Lero mai nayenso akwera basi, naoloka malire pa Dedza, nadzera ku Tete ndi Beitbridge, mwana ali kumsana.

Ena ati, atsale. Zoona, kuno ali ndi chinenero chake, sikelo pafupi, sukulu ya pulaimale yaulere chiyambire 1994, ndi maso a mudzi wonse, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma taonanso agogo ofooka alikulera adzukulu ambiri ndi khasu limodzi. Ndalama yotumizidwa igula ufa, koma mwana akadwala usiku afuna amake.

Ena ati, apite. Lamulo la South Africa silimkana. Mu 2019 bwalo lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana wopanda zikalata alandiridwe pa sukulu ya boma. Mu 2023 bwalo la ku Johannesburg linatsimikiza kuti amai apakati, oyamwitsa, ndi ana osafika zaka 6 athandizidwe mwaulere m'zipatala za boma, ngakhale ali alendo. Koma lamulo likhala m'buku, ndipo pachipata paima munthu amene akhoza kukubwezani. Mu 2008 ndi 2015 alendo anathamangitsidwa m'nyumba zao, ena naphedwa. Ndiponso mai akagwira ntchito kuyambira mbandakucha, aphikira mwana ndani? Kumeneko agogo kulibe, ndipo mlezi afuna malipiro.

Ife tiganiza kuti kupita sikulakwa, kutsala sikulakwa. Kulakwa ndiko kumsankhira mwana mosalingalira, popeza iye safunsidwa, koma ndiye adzasenza zotsatira zake zaka zambiri. Wamkulu asankha yekha mabvuto ake. Walira mvula walira matope. Mwana sanalire mvula. Chotero kholo lili naye ngongole zitatu.

Yoyamba ndiyo dzina lolembedwa. Asanyamuke wopanda chikalata cha kubadwa, chiphaso cha ulendo, buku la kusikelo loonetsa katemera wake, ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu yonena kalasi imene wafika. Wobadwira ku Joni alembetsedwe msanga, pakuti kubadwira kumeneko kokha sikumpatsa unzika. Tikumbukire ana a matchona ku Zimbabwe: ambiri anakula osalembedwa kwao kwa makolo ao, nachedwa alendo m'dziko limene anabadwiramo, kufikira malamulo a 2013 anatsegulira ena njira.

Yachiwiri ndiyo munthu. Mwana akatsala, banja likhale pansi ndi mwini mbumba, atchule poyera amene adzamdyetsa, kumtengera ku sikelo ndi kuona makope ake, ndipo makolo alankhule naye pa foni kawirikawiri. Akapita, makolo adziwe asanakwere basi kuti adzakhala ndi yani masana.

Yachitatu ndiyo njira ya kwao. Aphunzire Chizulu ndi Chingerezi, nkwabwino. Koma m'nyumba amve Chichewa, adziwe mudzi wake, mfumu yake ndi manda a makolo ake, kuti tsiku la zobvuta akhale nako kobwerera.

M'mera mpoyamba. Amene sangathe kubweza ngongole izi chaka chino ayambe wadikira, kapena atsogole mmodzi, kufikira malo a mwana atakonzeka. Ndipo ife otsala, tisamseke mwana wobwerako chifukwa lilime lake lapotoka; timlandire, pakuti ngwathu.