Kodi Kugula Mbuzi ya Munthu Wanjala Ndiko Kumthandiza?

Werengani: Genesis 47:13-26, Levitiko 25:35-37, Nehemiya 5:1-13

Aphunzitsi okondedwa, tikanena za kutumikira anzathu m'masiku a tsoka, ana amaganiza za mphatso, monga thumba la chimanga lochokera ku mpingo kapena ku boma. Koma inu mudziwa kuti pa njala chakudya chambiri sichiyenda motero. Chimayenda mwa malonda, mwa ngongole ndi mwa ganyu. Pamenepo ndipo Mkhristu amayesedwa.

Ana anu sanaione njala ya 2002, koma makolo ao kuno ku Nkhamenya aikumbukira. Chimanga cha 2001 sichinachite bwino, ndipo chimene boma linasunga m'nkhokwe zake chinali chitagulitsidwa. Pofika Januwale anthu anali kugona pa mizere ya ADMARC, ena akudya gaga ndi zitsa za nthochi. Pa 27 Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Fodya anali asanapite ku okushoni, kotero alimi analibe ndalama, ndipo matenanti a m'maesiteti, amene chakudya chao chinali m'manja mwa mwini munda, anasauka koposa. Pamene mtengo wa chimanga unali kukwera, mtengo wa zoweta ndi katundu wa pa nyumba unali kutsika. Mbuzi, njinga, wailesi, ngakhale malata a pa denga, zinapita pa mtengo wongotaya.

Tsono funso lathu ndi ili: Mkhristu amene anagula mbuziyo ndi ndowa imodzi ya chimanga, kodi anatumikira mnzake kapena anamdyera masuku pamutu?

Musafulumire kumtsutsa. Iye adzati, "Sindinamkakamize. Anabwera yekha, ndipo ndikanakana ana ake akanagona ndi njala." Mau amenewa ali ndi choonadi chake. Ngakhale Yosefe anachita zofanana nazo ku Igupto: anthu atatha ndalama anatenga zoweta zao, zitatha zoweta anatenga minda, ndipo anthuwo anamyamika kuti wawapulumutsa. Komatu werengani mutuwo kufikira pa mapeto. Njala itatha, Aigupto anali ndi moyo, koma minda yao inali ya Farao, iwo eni ali akapolo ake. Baibulo litiuza zimene zinachitika. Silitilamula kuti tizichita chomwecho kwa abale athu.

Lamulo limene Mulungu anapatsa anthu ake lili m'Levitiko 25. M'bale akasauka, asungidwe kuti akhale ndi moyo pakati pa anzake, asakongozedwe ndi chiongoladzanja, ndipo chakudya asapatsidwe mofuna phindu. Nehemiya anapeza Ayuda ataiwala lamuloli. Osauka anapinyolitsa minda ndi nyumba zao kuti apeze tirigu, ena anapereka ana ao ku ukapolo, ndipo olandira anali Ayuda anzao. Nehemiya sanafunse ngati osaukawo anavomera okha. Anadziwa kuti munthu amene mwana wake alikulira ndi njala avomera mtengo uliwonse. Anaitana msonkhano, nauza olemera kuti abweze mindayo tsiku lomwelo.

Muyeso wake ndi uwu: njala ikadzatha, kodi mnzathuyo adzatha kuimanso pa yekha? Taganizani za ganyu. Munthu apalira m'munda mwanu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mumpatsa mbale ya ufa, ndipo mukuti mwamthandiza. Koma Januwale ndiyo nthawi yopalira ndi kubandira, ndipo munda wake ulikumera thengo. Chaka chamawa adzabweranso pa khomo panu. Mkhristu angathe kumpatsa ndime yoti amalize dzuwa lisanafike pamutu, namlipira mbale yomweyo, kuti masana akagwire kwake. Wokongoza ndowa imodzi alandire ndowa imodzi pa kukolola, osati ziwiri monga achitira akatapila. Wogula mbuzi apereke mtengo umene akanapereka mu Juni, kapena anene poyera pamaso pa mboni kuti mwiniwake angathe kudzaiombola.

Wina adzati, "Nanga ine ndine wolemera? M'nkhokwe mwanga mwatsala pang'ono." Zoona, ndipo Mau a Mulungu salamula munthu kupereka chimene alibe (2 Akorinto 8:12). Kukana kugula si tchimo. Chimene tiletsedwa ndicho kutuluka m'njala ndi khola lodzala mbuzi zimene tinapeza chifukwa cha misozi ya anansi. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo ananena bwino. Koma Ambuye apitirira pamenepo, natiuza kuti tikongoze ngakhale amene sitiyembekeza kuti adzabweza (Luka 6:34-35). Zimenezi n'zolimba, ndipo musazifewetse pophunzitsa.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi m'kalasi. Pa benchi limodzi pangathe kukhala mwana wa wogula ndi mwana wa wogulitsa, pakuti njala yabweranso kangapo chiyambire 2002. Musatchule dzina la munthu kapena mudzi. Ana aakulu achite sewero la msonkhano wa Nehemiya, ena akhale osauka, ena olemera, ndipo muwalole olemerawo adziteteze ndi mau onse amene angapeze, Nehemiya asanayankhe.