Mfundo zofunika kuchokera m'bwato la pa Chilwa

Mtsinje wa Domasi umatsika kuchokera kumapiri, n'kudutsa m'midzi ndi m'minda ya mpunga mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Ambirife m'chigwa muno timadya matemba, makumba ndi milamba ya m'nyanjayi, koma ndi ochepa amene anathako nyengo yathunthu m'bwato, kuyambira pamene nyanja yatsegulidwa mvula ikamatha, kudutsa miyezi ya mwera, kufikira dzuwa la Okutobala. Amene amatero amabwerako akudziwa kuti moyo wa munthu uli m'manja mwa anzake, ndipo wa anzake uli m'manja mwake. Tiyeni tisinkhesinkhe mfundo izi.

1. Musapeputse madzi chifukwa ndi osaya

Chilwa ndi nyanja yosaya. Malo ambiri msodzi safuna nkhafi, amangozika nsungwi yaitali pansi n'kumakankha bwato. Mlendo akaona zimenezi amati palibe choopsa. Komatu madzi osaya sachedwa kuvunduka. Mwera ukawomba mu Juni kapena Julaye, mafunde amabwera motsatizana, akumenya bwato m'nthiti, ndipo amene wagwera m'madzi amapeza pansi pali thope logwira mwendo. Munthu sagwa kawirikawiri ndi zinthu zomwe amaziopa. Amagwa ndi zomwe anazizolowera: kangongole kakang'ono, kabodza kamodzi, kamowa ka madzulo.

2. Funsani amene anayamba kuona dzuwa

M'mamawa pa doko la Kachulu, msodzi wamkulu asanakankhe bwato amayamba waima. Amayang'ana mitambo, amaona kumene njedza zikuweramira, amamvetsera mphepo. Akanena kuti lero sitilowa, mnyamata wanzeru amabweza ukonde kumtunda ngakhale kunyumba kulibe ndiwo. Nzeru imeneyi sinalembedwe m'buku lililonse, imapatsiranidwa pakamwa. Safunsa anadya phula. Achinyamata, sukulu yanu ndi yabwino, koma isakutsekeni makutu pamene agogo akulankhula.

3. M'bwato mulibe ntchito yonyozeka

Bwato lililonse limalowa madzi, kaya ndi losema kaya ndi la matabwa. N'chifukwa chake pakati pa bwato pamakhala mnyamata atagwira chigubu chodula pakati, akukapa madzi osapuma, msana utawerama, mapazi ali m'madzi osakanikirana ndi mamba a nsomba. Palibe amene amamutchula nsomba zikagulitsidwa. Ulemu umapita kwa mwini khoka ndi kwa wowongolera amene wakhala kumbuyo. Koma mnyamatayo akangoti watopa, onse amira pamodzi, mwini khoka yemwe. Pabanja, pampingo, kumzikiti ndi kuntchito alipo anthu otere: wosesa, wotunga madzi, mlonda wa usiku. Apatseni moni mwaulemu ndipo muwalipire zoyenera thukuta lawo.

4. Dziwani malire a katundu

Mabwato opita ku chilumba cha Chisi amanyamula anthu, matumba a chimanga, njinga ndi nkhuku. Thumba limodzi lowonjezera ndi ndalama ndithu, koma limatsitsa mlomo wa bwato kufupi ndi madzi. Woyendetsa wabwino amalimba mtima kunena kuti, “Bambo, pepani, mudikire lina.” Munthu amene sadziwa kunena kuti basi zakwana amaika pangozi ngakhale amene sanadyeko phindu lake.

5. Lolani nyanja ipume

Kuyambira Disembala, m'miyezi ya mvula, makoka amaletsedwa pa Chilwa kuti nsomba ziswane. Ndi nthawi yowawa kwa asodzi, chifukwa ndi nthawinso imene chimanga chatha m'nkhokwe. Ena amalowa usiku mozemba, ena amakokolola tiana ta nsomba ndi masikito amene anapatsidwa kuti ateteze ana awo ku malungo. Koma tikumbuke za 1995, pamene nyanja inaphwa. Nsomba zochepa zinatsalira m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayi. Mafumu, asodzi ndi a nthambi ya boma yoona za nsomba anagwirizana kuteteza maiwe amenewo, n'kuletsa kupha nsomba ndi katupe. Madzi atabwerera, nsomba zija ndizo zinakhala mbewu. Anthu anjala anaziyang'ana nsombazo n'kuzisiya, ndipo ife tikudya lero chifukwa cha kudziletsa kwawoko. Kodi ife tikuwasiyira chiyani amene akubwera pambuyo pathu?

6. Chimene mwataya m'madzi chidzakupezani

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe zonse zimathira momwemo, ndipo madzi amachepa pokhapokha dzuwa likawamwa. Chimene chalowa chimakhala momwemo. Asodzi ambiri amakhala masabata m'zimbowera, tizisakasa toyandama tomwe amamanga pakati pa njedza. Amaphika pomwepo, amagona pomwepo, amatunga madzi akumwa pomwepo, ndipo chimbudzi ndi madzi omwewo. Kolera itabuka kumapeto kwa 2015, inagwira kwambiri anthu amenewa, mpaka mu 2016 azaumoyo anachita kuwalondola ndi katemera. Tisathamangire kuwaweruza. Ife akumtunda amene timataya zinyalala ndi matewera mumtsinje tili nawo mlandu womwewo. Zochita zoipa sizipita kutali. Zimakapweteka munthu wina amene sitinamuonepo, kenako zimabwerera pa mbale yathu.

7. Nyanja imayambira kuphiri

Chilwa inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anangoti mbwee pa thope long'ambika ku Kachulu. Chilala sichili m'manja mwathu, koma nkhwangwa ili m'manja mwathu. Mtengo uliwonse umene wagwetsedwa pa phiri la Malosa kuti uwotchedwe makala, ndi dimba lililonse lolimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, zimatumiza dothi kunyanja, ndipo nyanja yosaya kale imanka ikwiririka. Dziko lonse lapansi limailemekeza nyanjayi: ili pa mndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika a zachilengedwe. Koma maina amenewa sangadzale mtengo. Msodzi wa ku Chisi sadzakwera phiri kukateteza kasupe wa Domasi. Ntchito imeneyo ndi yathu, ife amene tili pafupi ndi gwero.

Choncho mvula ikayamba chaka chino, dzalani mitengo m'mbali mwa mtsinje pomwe munda wanu wathera, ndipo muisamalire mpaka ikule. Mukaona tinsomba tosakhwima pamsika nthawi yomwe nyanja ndi yotseka, musagule. Muwauzenso ana anu chifukwa chake.