Mlendo ndi Mame

Akuluakulu amati mlendo ndi mame: msamalireni, sachedwa kuchoka. Komatu mwambiwu ukutikumbutsanso kuti wotsala ndi mwinimudzi. Mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, wazunguliridwa ndi paki ya Lake Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980. Alendo amabwera kudzaona nsomba za mbuna n'kumapita; asodzi a usipa ndi mabanja awo ndiwo amakhalapo chaka chonse. Choncho madzi aukhondo, zimbudzi ndi chipatala ziyambire kwa iwowa. Ena anganene kuti mlendo ndiye amabweretsa ndalama, ndipo sakunama. Koma likodzo limene mlendoyo amaliopa limafala anthu akasowa zimbudzi, ndipo woyamba kudwala ndi mwana wapamudzi amene amasamba m'nyanjamo tsiku ndi tsiku.